Kunsi kwa Tsamba la Kholowa

Kachirombo kamene alangizi a zaulimi ku Malawi amakatchula kuti ntchentche yoyera si ntchentche konse ayi. Dzinali lidachita kubwerekedwa ku Chingerezi, ndipo nacho Chingerezicho chidaphonya, popeza kachiromboka kali ndi mapiko anayi pamene ntchentche yeniyeni ili ndi awiri okha, ndiponso sikanyambita chakudya monga imachitira ntchentche yotera pa nsima. Abale ake enieni ndi nsabwe za m'masamba ndi nyenje, zonse zokhala ndi mlomo wonga singano umene zimabaya nawo chomera n'kumayamwa madzi ake. Asayansi adatcha banja lake Aleyrodidae, kuchokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza ufa, kaamba ka phula loyera, losalala, limene limakuta thupi ndi mapiko. Iwowa ndiye adalasa. Munthu akagwedeza tsinde la therere limene lagwidwa ndi tiziromboti, amaona ngati wina wakung'untha lichero la ufa woyera pamphepo, kusiyana kwake n'kwakuti ufawu umabwereranso kunsi kwa tsamba kumene udachokera.

Mtundu wake wotchuka kwambiri, Bemisia tabaci, udalembedwa koyamba mu 1889 ndi Gennadius, amene adaupeza pa fodya ku Greece. Kutalika kwake ndi pafupifupi milimita imodzi yokha, koma mu Africa wagwetsa minda yosawerengeka. Ndiwo umene umafalitsa khate la chinangwa, nthenda imene idalembedwa koyamba mu 1894 m'dziko limene lero ndi Tanzania, ndipo imene Storey ndi Nichols adatsimikiza mu 1938, ali pamalo ofufuzira a Amani, kuti imayenda ndi kachiromboka. Ndiwonso umanyamula nthenda yopiringiza masamba a matimati. Zimenezi ndi nkhani zazikulu, zokhudza njala ya anthu mamiliyoni, ndipo zalembedwa ndi ambiri. Ilipo ina yaing'ono, ya kadimba ka kuseri kwa nyumba, imene mabuku a alangizi saiganizira chifukwa wakudya masamba ake si munthu.

Mumzinda wa Zomba, chakumunsi kwa phiri, muli mayi ena ake amasiye amene adapuma ntchito ya uphunzitsi, ndipo kuseri kwa nyumba yawo kumakhala kamba. Ndi wa mtundu uja wa chigoba chotumphuka, cha mawanga akuda pa chikasu, amene Angerezi adamufanizira ndi kambuku ndipo asayansi amamutcha Stigmochelys pardalis. Malemu amuna awo adamutola zaka zoposa 30 zapitazo m'mbali mwa msewu moto wolusa utangodutsa patchire, ndipo mpaka lero mbali imodzi ya chigoba ili ndi chipsera chotuwa pamene malawi a moto adanyambita. Masiku ano kutola nyama yakutchire n'kuisunga pakhomo ndi nkhani ya malamulo: ku Malawi lamulo la 1992 loteteza nyama zakutchire lidakhwimitsidwa mu 2017, ndipo ku South Africa munthu sasunga kamba popanda chilolezo cha akuluakulu a chigawo chake. Komabe kamba amene wakhala kumpanda nthawi yaitali chotero sabwezedwa kutchire mwachisawawa, chifukwa angathe kupatsira anzake matenda a pakhomo. Mwambi umati kamba amanyera amene wamtola. Apa womtola uja adatsogola, ndipo udindo udatsalira amene sadamtole.

Liwu lakuti kamba, likalembedwa, limanyamula zinthu zitatu: nyama ya chigobayi, chakudya chimene munthu amatenga paulendo, ndi mneni wolamula mnzako kuti alankhule. Adzukulu a mayiwa adapezerapo nthabwala, namatcha dimbalo "kamba wa kamba". Chichewa chimaikanso nyamayi m'gulu la maina limodzi ndi mlendo ndi mwana m'kalumikizidwe kake, kotero kuti amati kamba wanga, kamba wadwala, akamba abwera, pamene mdani wake amapatsidwa ka- ndi ti- wochepetsa, nakhala kachirombo, tizirombo. Wina angakopeke kunena kuti galamala idaweruza kale mlanduwu mokomera kamba. Koma si nzeru kumanga mfundo zolemera pa magulu a maina, pakuti fodya ndi katundu nazonso zimalumikizidwa chimodzimodzi, ndipo palibe adazilirapo maliro.

Kutchire kamba wa mtunduwu amadya udzu, zitsamba ndi zomera zamadzimadzi, ndipo akapeza fupa lakale amalitafuna kuti apezemo kashiamu yolimbitsa chigoba. Kumpanda kwa mayiwa ali ndi kapinga, umene ndiwo chakudya chake chenicheni nyengo ya mvula, ndi kadimba ka kholowa, nkhwani, chinguwo ndi zitsamba ziwiri za hibiscus, kuphatikizapo mtengo wa mabulosi umene amaugwetsera masamba. Chigwada chosaphika samupatsa, popeza chili ndi ululu umene umachoka ndi kusinja ndi kuphika kokha; masamba a matimati samupatsanso. Kuyambira Seputembala kapinga amauma gwaa, ndipo moyo wa kamba umatsamira pa kadimba kaja, kamene kamathiriridwa ndi madzi a pampopi olipira. Ndiyo nyengonso imene ntchentche zoyera zimaswana mofulumira, chifukwa kutentha kumafupikitsa masiku a kukula kwake ndipo kulibe mvula yozikokolola. Chaka chimenecho zidadza zambiri kuposa kale. Masamba a kholowa adayamba kuchita chikasu, kenaka kumata m'manja ngati athiridwa madzi a shuga, kenaka kuda ngati denga la khitchini yophikira nkhuni.

Woyandikana nawo nyumba ndi bambo wolima matimati ogulitsa, munthu wamtima wabwino amene adawathandiza kwambiri pa maliro a amuna awo. Ataona dimbalo pamwamba pa mpanda adati, "Mayi, musadzivute. Ndili ndi botolo latsala pa matimati anga. Kupopera kamodzi kokha, mawa mudzazipeza zonse zili mbwee pansi."

"Nanga kamba uja, bambo?"

"Mudikire sabata imodzi, mutsuke masambawo. Ife timadya, kodi tafa?"

Mayiwo adathokoza, koma botolo sadalandire. Pamenepa pali vuto la chinenero lisanakhale vuto la ulimi. Liwu limodzi lakuti mankhwala limatchula za kuchipatala, za kwa sing'anga, zophera makoswe ndi zopopera mbewu, ndipo chifukwa tanthauzo loyamba kubwera m'maganizo ndi lochiritsa, wopopera dimba amadziona ngati namwino. Mbewu yadwala, aipatsa mankhwala. Funso lakuti mankhwalawo akuchiritsa yani ndipo akupha yani limabisika m'kati mwa liwulo.

Mawu a bambo aja si opanda pake kwa munthu. Masiku odikira amene amalembedwa pa botolo adawerengedwa poganizira munthu, wolemera makilogalamu makumi angapo, wakudya ndiwo pang'ono pambali pa nsima, amene amatsuka, kusadza ndi kuphika. Kamba amadya tsamba laliwisi, lomwelomwelo tsiku ndi tsiku, ndipo chimene wadya chimatha masiku ambiri, nthawi zina masabata, chisanatuluke m'thupi, popeza amagaya udzu mothandizidwa ndi tizamoyo ta m'matumbo ndipo thupi lake limayenda pang'onopang'ono monga miyendo yake. Kutsuka nakonso kuli ndi malire. Ambiri mwa mankhwala amene amagulitsidwira ntchentche zoyera, monga imidacloprid, adapangidwa dala kuti alowe m'kati mwa chomera ndi kuyenda ndi madzi ake, kuti kachirombo koyamwa kamwe imfa yake. Madzi a m'beseni sangachotse chimene chili m'mitsempha ya tsamba. N'chifukwa chake ngakhale duwa logula ku nazale siliyenera kupatsidwa kwa kamba litangofika.

Palinso umboni wakuti thupi la kamba sililandira zinthu monga limachitira la ng'ombe kapena la munthu. Mu 1983 madokotala a zinyama awiri a ku America, Teare ndi Bush, adalemba kuti ivermectin, mankhwala a njoka zam'mimba amene ng'ombe imabaidwa osaona vuto, amafoola kamba mpaka kulephera kusuntha miyendo, ndipo ena amafa nawo. Pa mitundu imene adayesa, wosachedwa kugonja adali kamba wa mawanga yemweyu. Abamectin, amene alimi a matimati amapopera, ndi wa banja limodzi ndi ivermectin. Mayi aja sadawerengepo za Teare ndi Bush, ndipo dzina la pa botolo la mnansi wawo sadalifunse. Adangoganiza kuti chinthu chimene mwamuna wamphamvu amamanga nsalu kumphuno pochipopera sichingakhale ndiwo ya nyama imene mphuno yake imakhala pansi tsiku lonse.

Alangizi a pamudzi, amene sasowa pa vuto lililonse, adabwera ndi njira zimene amati zachilengedwe, ndipo apa m'pamene liwu lija lidasokonezanso, chifukwa kwa ambiri "popanda mankhwala" amatanthauza popanda a m'botolo. Wina adati anyike fodya m'madzi. Koma nikotini ndi ululu weniweni, umene kale unkagulitsidwa ngati mankhwala ophera tizirombo. Wina adati asinje masamba a ombwe, umene ena amati mthuthu, Tephrosia vogelii. Chitsambachi chimagwiradi ntchito m'minda, koma mphamvu yake ndi yomwe ija imene asodzi ankaledzeretsera nsomba padziwe. Nimu ndi wofatsirapo, komabe nayenso ndi wophera, amasokoneza kufundula kwa tizirombo, ndipo gawo lina la mphamvu yake limalowa m'tsamba. Sopo amapha ana a ntchentchezi akawakhudza, koma sopo waufa wochapira zovala ali ndi zosakaniza zina ndipo amawaula masamba. Mdzukulu wawo wamkazi, amene amakhala nawo pophunzira sekondale, adati akute dimba ndi neti yakale ya udzudzu, monga achitira anthu ambiri pa nazale zawo. Ganizo lidaoneka labwino kufikira atakumbukira kuti maneti amene amagawidwa polimbana ndi malungo ndi onyikidwa kale m'mankhwala, ndipo mabowo ake adayezedwa pa udzudzu. Ntchentche yoyera imalowa ndi kutuluka ngati pakhomo lopanda chitseko.

Chimene chidasintha nkhani yonse ndi chinthu chimene mayiwo adaona m'mawa wina. Tsamba la nkhwani lodzala ndi tizirombo lidalendewera kunja kwa waya, ndipo kamba adalidya lonse, ndi mazira omwe, ndi ana omwe, osasiyako. Sadadwale, ndipo palibe chifukwa chakuti adwalire. Ntchentche yoyera ilibe mbola kapena ululu, ndipo mavairasi amene imanyamula ndi a zomera, sagwira nyama. Chakuda chija cha pa masamba ndi nkhungu imene imamera pa timadzi totsekemera timene tiziromboti timataya, imangokhala pamwamba ndipo imachoka ndi madzi. Wogulitsa matimati amafuna chipatso chosalala chifukwa wogula amasankha ndi maso. Wolima chinangwa amaopa kachirombo kochepa chabe chifukwa kangathe kubweretsa khate. Kamba sasankha ndi maso otero. Amene adali pangozi adali kholowa ndi nkhwani, zimene zikadayamwidwa mpaka kuuma zikadasiya kamba wopanda chakudya milungu isanu kapena isanu ndi umodzi mvula isanagwe. Choncho ntchito idachepa: kutha tizirombo tonse kudali kosafunika, chofunika chidali kutichepetsa kufikira pamene chomera chingaphukire masamba atsopano mofulumira kuposa mmene chikuyamwidwira.

Kuchita zimenezi kumafuna kudziwa moyo wa kachiromboka, ndipo moyo wake wonse uli kunsi kwa tsamba, kumene wothirira dimba sayang'anako. Yaikazi imaikira mazira pa masamba anthete akunsonga, dzira lililonse litaimirira pa kaphesi kobaya m'tsamba. Mwana akaswa amakwawa kanthawi kochepa, nabaya mlomo wake, ndipo kuyambira pamenepo sasunthanso. Amaoneka ngati kamamba ka nsomba, kophwatalala, kobiriwira mwachikasu. Amafundula kangapo ali pamalo amodzi, ndipo nyengo yotentha ulendo wonse wochokera ku dzira kufika ku mapiko umatha pafupifupi masabata atatu. Popeza chomera chimakula pamene anawo ali chikhalire, tsinde limakhala ngati kaundula wa sukulu: kunsonga kuli akuluakulu ndi mazira, pakati pali ana aang'ono, ndipo masamba akale akumunsi ali ndi amene atsala pang'ono kuuluka. Zouluka zimene zimaopsa maso ndi gawo lochepa chabe la khamu lonselo. Unyinji uli mwa osasunthawo, ndipo chosasuntha chimagwirika ndi dzanja.

Mayiwo adayamba ndi kuthyola. M'mawa uliwonse, dzuwa lisanatenthe, pamene zouluka zikadali zaulesi ndi kuzizira, ankachotsa masamba akumunsi odzala ndi ana, kuwatsuka m'beseni kuti nkhungu ichoke, n'kupatsa kamba. Otsala, amene kamba sakadatha, ankawakwirira m'dzenje, chifukwa tsamba lotayidwa pambali pa dimba limatulutsabe zouluka lisanaume. Kenaka ankatenga paipi, kutsina kukamwa kwake ndi chala kuti madzi atuluke mwamphamvu, ndi kuwaza kuchokera pansi kuloza m'mwamba, tsamba ndi tsamba, dzanja lina likutembenuza. Madzi amagwetsa zouluka ndi ana ongoswa kumene ndipo amatsuka zomata, koma mazira ambiri amakakamira. N'chifukwa chake kuwaza kamodzi sikuthandiza kanthu. Kumafunika kubwereza pakapita masiku awiri kapena atatu, kwa masabata atatu kapena anayi, kufikira mbadwo wonse utadutsa pansi pa madziwo. Masiku amene pampopi padalibe madzi ankagwiritsa nsalu yonyowa. Msana wa munthu wa zaka zopuma ntchito sukondwera ndi ntchito yoweramira pansi pa nkhwani, ndipo ngongole ya madzi ya mwezi umenewo idakwera moonekeratu.

Ntchentche zoyera zimakopeka ndi mtundu wachikasu, umene m'maso mwake umafanana ndi tsamba lanthete. Mdzukulu uja adadula chigubu chachikasu cha mafuta ophikira, napaka zidutswazo Vaseline, n'kuzipachika pa timitengo pamwamba pang'ono pa masamba, kumene kamba sangafikire. Pofika madzulo zidali ndi timadontho toyera tosawerengeka. Atanyadira, mtsikanayo adafuna kupaka ulimbo weniweni kuti zigwire kwambiri, koma tsiku lachitatu adapeza kanalimata katamatirira pa chidutswa china, ndipo adachita kukamasula ndi mafuta ophikira. Agogo ake adalamula kuti zidutswa zitsale ziwiri zokha. Msampha wotere sufunsa dzina la wogwidwa, umagwira ndi adani omwe a ntchentchezo. Phindu lake lenileni ndi la mlonda: ukayang'ana m'mawa umadziwa ngati khamu likukwera kapena likutsika.

Zina ziwiri zidali za kuleka, osati za kuchita. Mayiwo ankakonda kuwaza feteleza wa Urea pang'ono pa nkhwani kuti masamba abiriwire, ndipo tsamba lonenepa ndi naitirojeni ndilo limene tizirombo toyamwa timaswanapo bwino. Adaleka, natsala ndi manyowa owolerana. Adaonanso mizere ya nyerere ikukwera ndi kutsika pa hibiscus. Nyerere zimakonda timadzi totsekemera tija, ndipo pofuna kuteteza chakudya chake zimapirikitsa tizirombo todya ntchentchezo, monga mbusa apirikitsira fisi. Adadula nthambi zokhudza mpanda ndi zogunda pansi, napaka mafuta omata pa kansalu kokulunga tsinde.

Adani achilengedwewo ndiwo mbali ya nkhaniyi imene ili ndi mbiri yaitali. Mu 1926 mlimi wina wa matimati ku England adaona kuti ena mwa ana a ntchentche zoyera m'nyumba yake yagalasi asanduka akuda. E. R. Speyer, wa pamalo ofufuzira a Cheshunt, adapeza kuti m'kati mwa akudawo mudali kamavu kosakwana milimita imodzi, Encarsia formosa, kamene kamaikira dzira m'thupi la mwana wa ntchentche, mphutsi yake n'kumudya kuchokera m'kati. Adayamba kukaweta ndi kugawira alimi, ndipo m'zaka za m'ma 1930 kadatumizidwa mpaka ku Canada, Australia ndi New Zealand. Mankhwala atsopano atabwera m'zaka za m'ma 1940 kamavuka kadaiwalika, ndipo kadakumbukiridwanso m'zaka za m'ma 1970 pamene mankhwalawo adayamba kulephera. Zaka zomwezo, ku minda ya thonje ya Gezira ku Sudan, ntchentche yoyera, imene kale idali vuto laling'ono, idasanduka mliri waukulu pambuyo pa kupopera kosalekeza kumene kudapha adani ake n'kusiya iyo itapirira. Ku Almería, ku Spain, idayamba kupirira imidacloprid m'zaka za m'ma 1990, mankhwalawo asanakhalitse n'komwe pamsika. Ndipo mu 2021 ofufuza adalengeza m'magazini ya Cell kuti Bemisia tabaci ili ndi jini imene makolo ake adatenga ku zomera, imene imaithandiza kusukulutsa ululu umene zomerazo zimadzitetezera nawo. Kachirombo kotere kulimbana nako ndi ululu n'kulimbana nako pabwalo lake.

Ku Britain wosunga kamba amaitanitsa Encarsia pa timakadi kudzera pa positi, n'kupachika m'nyumba yagalasi. Ku Zomba kulibe zotero, koma sizifunikanso kwenikweni pa dimba lapanja, chifukwa abale a kamavu kaja a mtundu wa Encarsia ndi Eretmocerus amapezeka okha m'minda ya mu Africa, pamodzi ndi akangaude ndi tizikumbu tozungulira timene mphutsi zake zimadya ana a ntchentche. Chimene amafuna n'chakuti asaphedwe. Izi zidasinthanso kathyoledwe ka masamba: tsamba limene ana ake ada kapena afiirira mosiyana ndi anzawo ndi tsamba la mavu, ndipo kulikwirira n'kukwirira asilikali ako. Otere mayiwo adayamba kuwasiya.

Chinguwo chidawavutitsa maganizo. Thengo limeneli, Sonchus oleraceus, limamera lokha ndipo ntchentche zoyera zimakhalapo, kotero kuti mlangizi aliyense angauze mlimi kuti alizule. Koma kamba amalikonda kuposa china chilichonse m'dimbamo, ndipo si wa ku Zomba yekha: Gilbert White, m'busa wa ku Selborne amene buku lake la zachilengedwe lidatuluka mu 1789, adalemba kuti kamba wa azakhali ake, amene pambuyo pake adamutenga, ankakonda zomera zotuluka mkaka, ndipo chinguwo adachitchula pamodzi ndi letesi. Mayiwo sadazule, koma adayamba kuchidula chikadali chanthete, chisanasunge mibadwo. Za maluwa a marigold, amene ofufuza a ku Newcastle University adaonetsa mu 2019 kuti fungo lake limaingitsa ntchentche zoyera pa matimati a m'nyumba yagalasi, adamva mochedwa; amathandiza akadzalidwa pamodzi ndi mbewu, osati khamu litafika kale, ndipo malo ake ndi kunja kwa waya kumene kamba safika.

Kunena zoona, njira zimenezi ndi za munthu wa dimba laling'ono ndi nthawi yambiri. Wolima chinangwa cha maekala awiri ku Nkhata Bay sangatembenuze tsamba lililonse, ndipo chipulumutso chake chili mu mbewu zopirira khate ndi m'kudzala mitengo yosadwala. Ngakhale mnansi uja, amene sukulu ya ana ake imalipiridwa ndi matimati, sangapatsidwe mlandu mopepuka ndi munthu wolandira penshoni. Koma mpanda wa waya suletsa mphepo, ndipo kupopera kwake kudali ndi zotsatira ziwiri kwa mayiwo: nkhungu ya mankhwala inkatha kuwolokera pa kholowa, ndipo zouluka zopulumuka zinkasamukira kumene kulibe fungo. Adapitako madzulo ena, atavala chitenje cha ulemu, nakhala pa khonde kufunsa za ana ndi za mitengo ya feteleza, ndipo pomalizira pake adati, "Bambo, ndabwera ndi pempho. Tsiku lopopera muzindiuza dzulo lake, ndipo ngati n'kotheka muziyamba m'mawa kusanayambe mphepo." Bamboyo adaseka, nati sadamvepo munthu akupemphera kamba chikhululukiro, koma adavomera. Kuyambira pamenepo, tsiku lopopera kamba amasamutsidwira kukhonde lakumaso, mzere woyandikana ndi mpanda umakutidwa ndi mapepala apulasitiki, ndipo masamba a mzere umenewo sapatsidwanso kwa iye ngakhale aoneke bwino chotani.

Nkhwani sidapulumuke, idauma chakumapeto kwa Okutobala. Kholowa adapirira, wonyozeka, wa masamba ang'onoang'ono, koma wokwanira pamodzi ndi mabulosi kufikitsa kamba ku mvula yoyamba, imene idachita m'mausiku awiri chimene paipi idalephera m'mwezi wathunthu.

Chimene chimawasowetsa tulo mayiwa si ntchentche. Kamba wa mtunduwu amatha kukhala zaka zoposa 50, ndipo uyu angathe kuwaika m'manda monga adaikira amuna awo. Ana awo, wina ali ku Lilongwe, wina ku Johannesburg, onse m'nyumba zopanda bwalo, ndipo aliyense akafunsidwa za kamba amasintha nkhani. Watsala mdzukulu uja. Agogo ake adamupatsa galasi lokulitsa zinthu limene ankaphunzitsira sayansi ku pulaimale, namuonetsa zikopa zouma zimene zimatsala kunsi kwa tsamba zouluka zikachoka. Ntchentche yoyera ikamatuluka imang'amba chikopa chake mwa mawonekedwe a chilembo T. Kamavu kakamatuluka kamaboola bowo lozungulira, longa O.

"Agogo, ndiye kuti tiziwerenga zilembo?"

"Eya, mwanawe. Uyambe ndi tsamba ili, undiuze zimene zachuluka."

Mtsikanayo adagwada pa dothi lonyowa, galasi padiso, nayamba kutchula mokweza monga mwana wa Sitandade 1, ndipo pa tsamba loyambalo ma T adapambana ndi atatu.